Mathanki a pawindo

Lolemba, 3 Malichi
Msonkhano ku labu. Pa mitundu khumi ya nkhono yomwe tinkasunga, itatu yatheratu, yonse ya chigoba chopyapyala. A Dokotala akuti mlandu watha: chigoba. Mitundu itatu yopyapyala yotsalayi aichotsa kumapeto kwa mwezi, mathanki apite kwa "zofuna kukhala ndi moyo." Nkhono n'kufuna! Ndazidyetsa zaka zinayi, sindinamvepo ina ikupempha imfa. Sindilola.

Lachitatu, 5 Malichi
Timapepala khumi m'kapu ya tiyi, tisanu ndi kamodzi ndalembapo "chopyapyala." Kutseka maso, kutola titatu. Maulendo 30. Kasanu konse tatuluka topyapyala tokhatokha, popanda chigoba kulakwa kanthu. Ndawaonetsa a Dokotala. Akuti, "Mayi, maere si umboni." Zoona. Koma maliro atatu nawonso si umboni.

Loweruka, 8 Malichi
Mlamu wabwera kudzatenga ana, wandipeza pa mabuku akale a ku labu. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndaonjeza, ndakwatiwa nazo. Ndaseka, mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 11 Malichi
Ndachipeza, ndipo ndikanakonda ndisanachipeze. Mathanki onse atatu a mitundu yakufa ija anali pashelefu ya pawindo, pomwe dzuwa la masana limaotcha. Anawaika pamenepo ndine. Ndinkakonda kuona kuwala kukudutsa m'zigobamo. Ndakakhala pampando wa m'chipinda chosungiramo katundu. Manyazi.

Lachitatu, 12 Malichi
Ndaulula. A Dokotala anavula magalasi, kupukuta, kupukutanso. "Ndiye mwina ndi windo, mwina ndi chigoba, mwina ndi tsoka chabe. Muli ndi masabata atatu." Makatani atsekedwa. Malo a thanki iliyonse asankhidwa ndi kapu ija, osati mtima wanga. Zikafa zopyapyala zokha pamthunzi, ndagonja.

Lachisanu, 21 Malichi
Zonse zamoyo. Kuwerenga m'mawa, kuwerenganso masana. Chitseko ndayamba kutseka ngati muli khanda.

Lachinayi, 27 Malichi
Thanki 7, pakona, pozizira bwino. Ziwiri zayandama, zakufa. Zopyapyala. Zolimba zonse zili gwa.
M'chipinda munalibe munthu. Thumba la yunifolomu lili ndi zipi, ndipo nkhonozi zimawerengedwa ndi ine ndekha. Ndinaima nazo m'manja nthawi yaitali, zozizira, zopepuka ngati makoko a mtedza.
Ndalemba m'buku. Ziwiri, thanki 7, ndi inki.