Ndinadula chithunzi cha mwana wanga ndi lezala

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 52, ndimalima kachewere ndi kabichi kuno ku Bembeke. Kutchalitchi ndine mlangizi wa atsikana, ndipo pa nkhani ya kavalidwe sindinyengerera. Wobwera wopanda chitenje amabwerera pakhomo, onse amandidziwa.

Mwana wanga wachisamba, Nomsa, anakulira ku Lilongwe kwa amalume ake, amene ankagwira ntchito pasukulu ina yokhala ndi dziwe losambiramo. Ife kuno ndi kuzizira kwathuku madzi timawadziwira m'beseni, koma iye anaphunzira kusambira mpaka koleji ina ya kunja inamutenga kuti aziphunzira ulere uku akuipikisanira. Ali chaka chachitatu, ndipo amaitanidwanso kukaimira dziko lathu.

Mu June anapata mendulo poimira dziko n'kunditumizira chithunzi pafoni. Ndinakondwa zedi, ndinakwera kabaza mpaka paboma kukachitsukitsa. Koma nditachiona chachikulu, manyazi anandigwira. Kachovala kosambirira kaja, Aphungu, ntchafu zonse pamtunda! Mawa lake mapemphero a mphakati anali kunyumba kwanga. Ndinatenga lezala n'kuchidula m'khosi, pakhoma ndinapachika mutu wokha.

Nomsa ataimba foni ya vidiyo, ine ndi nzeru zanga ndinatembenuza foniyo kuti aone kuti ndamuika pafupi ndi mtanda. Iye anati, "Amayi, nanga mendulo yanga ili kuti?" Mendulo inali pachifuwa, inapita ndi mbali imene ndinadula.

Kuchokera tsikulo saimbanso, amangolemba kuti ali bwino. Papita miyezi inayi. Akubwera pa Khirisimasi, koma amalume ake akuti iye akufuna kukathera tchuthi chonse ku Lilongwe. Chidutswa chija sindinataye, chili m'buku langa la nyimbo. Ndikuopa kutaya mwana, ndikuopanso pakamwa pa amayi anzanga. Nditani?

E.Z., Bembeke, Dedza

Mayi E.Z.,

Munalakwa, ndipo mtima wanu ukudziwa. N'chifukwa chake chidutswacho chili m'buku la nyimbo, osati paphulusa. Zimene munadulazo ndi mikono ndi miyendo imene ikumuphunzitsa mwana wanu kukoleji. Chovala chija ndi cha ntchito, monga yunifolomu ya namwino. Mumafuna alowe m'madzi ndi chitenje, chimukole miyendo? Ku Misa sanapite nacho.

Imbani ndinu, sabata ino, musadikire kuti ayambe iye. Za ulangizi ndi za mphakati musazitchule n'komwe, zidzamveka ngati mukudziikira kumbuyo. Muuzeni kuti munachita manyazi ndi chinthu chofunika kuchinyadira, ndipo mupepese. Mayi kupepesa mwana si kutsika. Mukatero mufunseni za mpikisano uja: anasambira mtunda wautali bwanji, anapikisana ndi a maiko ati, amadzuka nthawi yanji kukakonzekera. Ndikukayika ngati munamufunsapo.

Kenako bwererani paboma, mukatsukitse china chathunthu, muchiike m'felemu. Amayi a mphakati musawasiye azinong'onezana. Akangolowa, asonyezeni nokha, muwauze kuti uyu ndi Nomsa ali pantchito yake, ndipo iyi ndi mendulo imene anatengera dziko. Adzalankhula sabata ziwiri, kenako adzapeza nkhani ina. Ulangizi wanu suthera pamenepo. Atsikana aja adzaphunzira kwa inu kuti chovala chilichonse chili ndi malo ake.

Koma ndikuchenjezeni. Musamate chakale chija ndi selotepi, mzere wa lezala udzaonekabe. Chatsopanochonso musamachitsitse kukabwera alendo, pakuti Nomsa akadzamva, ulendo uno sadzafunsa kanthu, adzangosiya kubwera. Chipachikeni chikhale. Tsiku limene adzafike pakhomo panu, asanakupatseni moni, maso ake adzayamba apita pakhomapo.