Gawo Lachisanu ndi Chitatu Ndinaonera Ndine

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, amayi aliponso, koma mng'ono wanu sali bwino. Anamugoneka m'chipatala pa 3 mwezi uno. Impso zonse ziwiri zafooka, miyendo yatupa, ndipo maso sakuonanso bwino.

Filimu ija ya chinjoka cholavula moto, imene munkaonera awirinu kuyambira iye ali wamng'ono, yatuluka gawo lachisanu ndi chitatu. Atangomva anandituma kuti ndikaonere m'malo mwake, ndidzamufotokozere. Ndinapita Loweruka pa 14.

Achimwene, filimuyo si yabwino. Ndi yaitali mpaka msana kuwawa, ndipo theka lake ndi mdima wokhawokha, sudziwa akubaya ndani, akubayidwa ndani. Mfiti imene munkati inafa ija yadzuka, popanda wotiuza kuti yadzuka bwanji. Wosula malupanga uja, amene mng'ono wanu amamukonda, wakalamba, ali ndi chimimba ndi dazi, koma akumutchulabe mnyamata. Chinjoka chikungotulukira kumapeto, chofooka ngati galu wodwala. Kenako wosula malupangayo akulasidwa ndi muvi wapoizoni, n'kufera yekha m'phanga, anzake ali kunkhondo. Anthu anatuluka m'holo akutukwana.

Nditabwerera ku wodi ndinalephera kumuuza zimenezi. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pa botolo la diripi, n'kunena kuti filimu ndi yokoma, wosula malupanga anachira, mpaka anakwera chinjoka.

Nditamaliza anandifunsa kuti pokwerapo anagwira nyanga ya chinjoka ndi dzanja liti. Ndinati lamanja. Anaseka mpaka kutsokomola, namwino n'kubwera kudzatidzudzula. Anati dzanja lamanjalo analidula kale m'gawo lachisanu ndi chimodzi, ndipo ine bodza sindilitha, ndisadzayerekeze kukhala mboni kukhoti.

Basi ndinamuuza zoona zonse. Sanalire. Anangofunsa ngati panapezeka munthu wokamuika m'manda. Ndinati sanaonetse. Nditamuuza kuti opanga filimuyo akulonjeza gawo lina pakatha zaka ziwiri, anati limenelo adzaonera eni ake, n'kutembenukira kukhoma.

Dzulo ndi pamene anakutchulani. Akuti ine ndimaonera filimu ngati mbuzi yoyang'ana galimoto ikudutsa. Akuti wodziwa kunyoza filimu yoipa ndi inuyo, mkulu wake wouma mutu uja, amene nthawi zonse amaikira kumbuyo mfiti. Akuti mubwere mudzakangane, chifukwa gawo lililonse munkatsutsana njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo ili lokha silingapite laulere.

Anaziyankhula moseka, koma ine sindikuseka. Lolemba pa 16 adokotala ananditengera pakhonde, n'kundiuza kuti ngati pali achibale akutali tiwaitane tsopano. Amayi sindinawauze, mawu ake akundisowa.

Ndikudziwa kuti kuntchito kwanu savomera tchuthi msanga. Apempheni, agwadireni ngati n'kofunika. Filimuyo muionere ngati mpata ulipo. Ngati palibe, ingonyamukani.

Bedi lake lili pafupi ndi zenera, kumapeto kwa wodi ya amuna. Musadzidzimuke ndi nkhope yake. Mukafika muyambe ndinu kuyankhula, kuti akuzindikireni ndi mawu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akutsogolereni panjira.

Ndine mlongo wanu.