Mvula M'chipinda cha Amayi

Lethbridge, 9 Febuluwale

Wokondedwa mlongo wanga Taras,

Ndikhulupirira uli bwino ku Nanaimo kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Corinne ndi ana. Bondo lija linaleka kuwawa? Kuno tilipo. Amayi akudya bwino, akukalipanso bwino. Pafoni ndinakuuza kuti zonse zili m'malo. Ndinanama, n'chifukwa chake ndalemba kalata, poti iwe pafoni sudikira munthu amalize.

Ukukumbuka pa Khirisimasi, utaona Amayi akutuluka kamfuno patebulo, unati mpweya wouma wa kuno uwapha, ndipo zikapitirira udzawatenga mu Malichi akakhale kwanu kwa mvula yosaleka kuja. Unalankhula ngati ife timawaumitsa dala. Sindikukana, nyumba inali itauma zedi. Milomo kusweka, zala kung'aluka, ukagwira chitseko shoko. Mphaka naye ankatithawa poti ukamusisita ubweya unkathetheka.

Utangopita, alamu ako a Wendell anakagula makina othira chinyezi mumpweya, aja omangirira ku ng'anjo yotenthetsa nyumba yonse. Mmisiri anamukana, amvekere munthu woti anamanga yekha garaja sangagonjere kabokosi. Anatha Loweruka lathunthu kuchipinda chapansi akudula malata, kulumikiza kapaipi ka madzi ndi kutukwana. Koma ndiwayamikire, zinatheka. Anandionetsa kopotoza kake n'kundiwerengera pepala: kunja kukazizira kwambiri, chinyezi uzichepetsa. Ine ndinaona kuti wolemba pepalalo mutu wake sukoka. Kukazizira ndi pamene kumauma, ndiye uchepetse bwanji?

Patatha masiku awiri Amayi anatulukanso kamfuno, kadontho kamodzi kokha. M'maso mwanga ndinangoona iwe ukulongedza zovala zawo. Ndinatsikira pansi ngati ndikukachapa, n'kupotoza kanthu kaja mpaka kumapeto, n'kupachikapo thaulo kuti pasaoneke.

Taras, sabata zitatu tinanjoya. Kamfuno zii. Kunja madigiri makumi atatu pansi pa ziro, ife khungu lili see. Mawindo atayamba kuundana madzi mkati, a Wendell anakanda mutu, ine ndimvekere mawindo akale amatero bambo, idyani chisazizire.

Chimene sindinadziwe n'chakuti chinyezi chonsecho chinkakwera kudenga n'kumaundana kumatabwa, kuunjikana tsiku ndi tsiku. Lachinayi lapitali kunaomba chinuku, mphepo yathu yofunda ija. M'mawa tinavala majekete awiriawiri, pofika masana anthu akuyenda ndi malaya okha. Za kudenga zija zinasungunuka nthawi imodzi.

Madzi anayamba kudontha pa babu la kuchipinda kwa Amayi. Tinatchera mapoto onse, ngakhale lalikulu lija lophikira maperogi, tizitumbuwa tathu towiritsa tija. Cha m'ma 3 koloko siling'i inatupa ngati mimba ya ng'ombe, kenako phuu, yonse pabedi pawo. Mwamwayi eni ake anali ku holo ya tchalitchi akukanya ufa ndi anzawo.

A Wendell mpaka lero akuyenda chowerama. Akuti analumikiza molakwika, ndipo auza kale anzawo onse kuti iwo ndi chitsiru cha m'tauni muno. Dzulo anandigulira maluwa opepesera. Ndinalandira, Mulungu andikhululukire, n'kuwaika m'madzi.

Amayi okha ndiwo sanapusitsike. Atabwera n'kuona bedi lawo, anandiyang'ana nthawi yaitali, amvekere iwe Lesia, masiku ano thaulo umayanika pa ng'anjo eti? Kenako anati ndikuuze kuti usavutike kuwatengera ku mvula ya kwanu, mwana wawo wamkazi wawabweretsera kale mvulayo mpaka pamtsamiro.

Panopa akugona kuchipinda kwathu, ife pabalaza. Makina ali pamene pepala likunena, ndipo Amayi andiletsa kutsikira pansi ndekha.

Ndikudziwa kuti ndakupatsa chifukwa chabwino chowatengera. Ukhoza kunena kuti ndinatsala pang'ono kuwagwetsera nyumba, ndipo sindingakutsutse. Koma mlongo wanga, chimwalirireni Atate, chimene chimandidzutsa m'mawa ndi mawu a Amayi akukangana ndi wailesi kukhitchini. Ndikaganiza za nyumba ino mawuwo mulibe ndimachita mantha, ndipo mantha amenewo ndi amene ananditsitsira pansi tsiku lija. Ndi amayi akonso, ndikudziwa. Koma chonde usanditengere.

Mu Malichi ubwere ndithu, koma ubwere ndi hamala, pali siling'i yoti tikhome. A Wendell ndiwauza zoona Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, nthawi imene amakhala ofatsa. Ukakumbuka undipempherere cha m'ma 12 koloko.

Undiperekere moni kwa a Corinne, ndipo ana uwafungatire m'malo mwanga. Ambuye akusungeni nonse, ndi denga lanu lomwe.

Ndine mlongo wako,
Lesia