Amama Auza Dokotala Kuti Ali Bwino

Mlongo wanga Tiwonge,

Ndikhulupilila kuti uli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma miyendo ya Amama ikutupabe, ndipo akagona mpweya umawathela.

Laciwili ndinawapeleka kukiliniki ija ya pa boma. Adokotala athu akale, aja ankafunsa kawili, anapuma nchito. Ine ndinatsala panja ndi njinga. Amama anatuluka msanga, atanyamula panado yekha.

“Mwawauza ciani adokotala atsopanowa?” ndinawafunsa.

“Anati muli bwanji, ine n'kuti nili makola. Munthu akukupatsa moni, ungamuyankhe ndi matenda?”

Tsopano akukana kubwelelako, akuti angaoneke abodza. Conde uwaimbile foni, iwe amakumvela. Akakuuza kuti ali bwino, uwafunsenso.

Mulungu akusunge.

Ine mlongo wako,
Masauso