Achotsa Chitseko cha Ofesi Yake

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira miyendo ija yayamba kukumverani. Kuno tadzuka, ana onse ali kusukulu.

Mwana wanu akadali mkulu wa mainjiniya, koma bwana amene anamukweza uja anapuma pantchito. Iwo aja ankamudziwa kuti phokoso limamusokoneza, sayang'ana munthu m'maso, ndipo funso lodzidzimutsa limamumanga lilime. Anamupatsa ofesi yotseka, ndipo mafunso a kumsonkhano ankamutumiziratu dzulo lake.

Bwana watsopano wachotsa zitseko zonse, akuti atsogoleri azioneka. Chithunzi cha mwanayu achipachika polowera alendo, pansi pake alembapo kuti kampani imalandira aliyense mmene analengedwera. Tsiku lojambulalo anamuvula zotseka m'makutu zake, ndipo mpaka lero samulola kuzivala.

Misonkhano ya akuluakulu imakhala inayi pa sabata, koma tsopano amamuitana umodzi wokha. Akaweruka amaimika galimoto pabwalo n'kukhala momwemo, akudzigwedeza ngati kale ali mwana. Dzulo nditagogoda pagalasi anati, "Amayi, mwayamba kuwerenga ine? Masupuni anu atha?" Anaseka, paja amadziwa kuti ndimakonda kuwerenga masupuni anga, koma m'galimotomo sanatulukemo.

Bwana watsopanoyo wamuitana Lachisanu kuti akacheze naye za thanzi lake. Mpongozi wanu akuti si kanthu. Ine ndikukumbukira chaka chimene anamuchotsa kusukulu yogonera, ndi mmene tinamupezera m'bafa muja. Mapilisi anga ndikuwawerenga m'mawa ndi madzulo, ndipo sindikuwasiyanso pawindo.

Nthawi ija analankhula ndi inu nokha. Chonde fikani Lachisanu lisanakwane.

Ndine mng'ono wanu.