Ndaikamo ya 32

Nehru Place, Delhi
Mwezi wa Kartik

Okondedwa Didi Dilmaya,

Landirani moni wochokera kwa mlongo wanu. Muli bwanji inu ndi alamu? Nanga bambo, chifuwa chija chinawaleka? Ine kuno ndili bwino, kungoti utsi wa mu Delhi wayambanso, m'mawa ndimadzuka kukhosi kukuyabwa.

Kompyuta ya bambo inafika bwino. A Khadka oyendetsa basi aja anabwera nayo yokulungidwa mu shawelo ya malemu amayi. Munamanga ndinu, mfundo yanu ndimaidziwa. Nditamasula ndinamva fungo la shopu yathu ya ku Baglung, kwathu ku Nepal, inki ndi guluu, moti ndinayamba ndakhala kaye pansi osagwira chilichonse.

Matenda ake sanali aakulu. Disiki inafa, ndipo ndaikamo ina. Mutu unandiwawa nditafika pa pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Ilipo mitundu iwiri, yakale ya 32 ndi yatsopano ya 64. Kompyutayi ikhoza kulandira iliyonse, koma kadisiki kamene ndapeza n'kakang'ono, sikanganyamule zonse ziwiri.

Makina osindikizira a bambo, aja anagula ine ndisanamere ndevu, amamvana ndi ya 32 yokha. Ndazungulira msika wonse uno, mashopu apansi ndi apamwamba, kufunsa ngati pali njira yowagwirizanitsa ndi ya 64. Aliyense amangopukusa mutu. Pamene pulogalamu yoimbirana n'kumaonana nkhope, imene anthu akugwiritsa ntchito masiku ano, imafuna ya 64. Pa ya 32 siitseguka n'komwe.

Didi, kuyambira tsiku limene munati mutumiza kompyuta, ine tsiku la Bhai Tika, lija mlongo wamkazi amadalitsa mlongo wake pomupaka utoto pamphumi, ndinali nditalikonza kale m'mutu. Tchuthi sandipatsa, kuno nthawi ya chikondwerero cha Diwali ndi ya malonda. Ndiye ndinkati ndidzavala chipewa changa, ndidzakhala kutsogolo kwa kamera, inu mudzaviika chala mu utoto n'kukhudza galasi pomwe pali mphumi yanga. Ndikanaweramitsa mutu ngati tili pabwalo kwathu. Foni yanu ya mabatani imangondipatsa mawu, ndipo nkhope yanu yayamba kundisokonekera ndi ya amayi. Zimenezi zimandiopsa.

Abwana anga, Sardarji Gurcharan, anandipeza nditagwira mafulashi awiri, ya 32 kudzanja ili, ya 64 kudzanja ili. Nditawafotokozera anaseka mpaka ndevu kugwedera. Anati, "Iwe Bahadur, chimakina cha agogo ako chimenecho chikaponye mumtsinje. Ika 64, uone dziko!" Ndinaseka nawo, nanga n'kutani. Si munthu woipa, tiyi amatigulira. Koma kuno Mnepali aliyense ndi Bahadur, ndipo sindikumbuka tsiku limene munthu ananditchula dzina langa.

Ndinaika ya 64 poyamba, sindikubisirani. Ndinatsegula kamera, ndinadziona ndekha pagalasi, kumbuyo kwanga mulu wa makompyuta akufa. Zinkayenda bwino zedi. Kenako ndinakumbukira kuti chikondwerero chathu cha Tihar chikangotha tilowa Mangsir, mwezi wa maukwati. Makadi a ukwati ndiwo amadyetsa bambo chaka chonse. Ndiponso inu mukudziwa kuposa ine kuti chimwalirireni amayi, chimene chimawadzutsa m'mawa ndi phokoso la makinawo komanso kukangana ndi makolo a akwati za kalembedwe ka mayina. Akawalanda zimenezo atsala ndi chiyani?

Ndinafufuta. Ndaikamo ya 32, ndi zilembo zathu zonse zimene amazikonda. Akangolumikiza chingwe, makinawo ayamba kusindikiza ngati kale. Bambo musawauze kuti panali kusankha. Angayambe kunena zogulitsa makina chifukwa cha ine, ndipo mukudziwa kuti akalankhula salankhulanso kawiri.

Tsiku la Bhai Tika shopu idzakhala yotsegula. Anzanga a ku India adzabwera ndi madontho ofiira pamphumi, alongo awo ali pompano. Ine ndidzakhala ndikumasula timisomali, mphumi ili yoyera. Ndasungulumwa, Didi. Ndalemba choncho chifukwa pafoni mawu amenewa satuluka.

Pempho langa ndi limodzi. Kompyuta ikakufikani, mukaiyatsa muonamo chithunzi changa, anandijambula mnzanga pakhomo pa shopu. Musaseke kuonda. Uzani bambo achisindikize pa makina awowo, pa pepala lolimba la makadi. Tsikulo likafika muchiike pa mphasa pomwe ndinkakhala, muzungulize mafuta monga mwa mwambo, mupake tika, utoto uja wa mitundu isanu ndi iwiri, pamphumi pake, ndipo mutchule dzina langa mokweza. Koma nkhata ya maluwa musaikoleke pachithunzicho. Mukudziwa kuti kwathu chithunzi chovala maluwa chimakhala cha womwalira, ndipo pakhoma pathu chilipo kale chimodzi. Muisunge m'bokosi, maluwa a makhamali safota. Ndidzaivala ndekha m'khosi.

Moni kwa bambo, muwagwire mapazi m'malo mwanga. Moni kwa alamu, kwa azakhali a kumtunda, ndi kwa adzukulu a bambo onse, makamaka wamng'onoyo amene sanandionepo.

Ndatha ine mlongo wanu, amene akadali moyo,

Tekraj