Mtedza Uja Munatumiza

Chawama, Lusaka
9 Seputembala 1996

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti munafika bwino ku Katete pochokera kumaliro kuno. Mwendo uja wasiya kutupa? Nanga Amayi akupeza bwanji? Kuno tilipo, koma alongo anga a Marjory sakudya. Nsapato za mwana wawo Thandi zikadali pakhomo pomwe anazivula.

Kuchipatala anangotiuza kuti mwana anadya chinthu choipa. Ine sindinakhutire. Zaka zinayi za ku yunivesite, ndiye ndilephere kudziwa chimene chapha mwana wa mlongo wanga? Ndinatapa mtedza m'thumba lija munatumiza pa basi, n'kupita nawo kulabotale kumene ndimathandiza aphunzitsi anga akale podikira ntchito.

Kumeneko timasinja chakudya, n'kusakaniza madzi ake ndi mankhwala ena m'kabokosi kamdima. Mukakhala poizoni wophera tizilombo, madziwo amawala, makina n'kuyeza kuwalako. Ndinayeza katatu. Katatu konse kunawala kwambiri, mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndachita kuthiramo dala.

Pamenepo ndinakumbukira zimene munkauza anzanu a Cephas pamaliro, zoti chaka chino anankafumbwe sanaukhudze mtedza wanu chifukwa munauwaza mankhwala a thonje otsala. Atate, Thandi ankakonda kutapa wosakazinga m'thumbamo, n'kumauza anzake kuti ndi wa agogo ake.

Sindikukuimbani mlandu. Botolo lija munaligula pamsika lopanda pepala, ndipo alangizi anasiya kale kufika kumudzi. Masiku ano aliyense akugulitsa chimene wafuna, ati ndiwo ufulu. Ndalemba makalata awiri odandaula kumaofesi a boma, sanandiyankhe. Mawa ndipitako ndekha, kudikira kwandikwana.

Pempho langa ndi limodzi. Matumba otsalawo musadye, musagulitse, ngakhale nkhuku musazipatse. Tsiku lomwe kalatayi yafika, kumbani dzenje kutali ndi chitsime, muwakwirire pamodzi ndi botololo. Ndikudziwa kuti ndi thukuta lanu la chaka chonse.

A Marjory sindinawauze. Dzulo anandifunsa kumene thumba lapita, ndinawanamiza kuti munalowa makoswe. Anati ndikulembereni kuti muwatumizire lina, poti mwina wa kwathu angaudye. Chonde musatumize. Zowauza ndikuzisowabe.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa amalume a Victor, ndi kwa azakhali. Ana awo asayandikire matumbawo.

Ndine mwana wanu,
Blackson